Pakati pa nyenyezi ziwiri pali chiyani? Thandizeni ndi khobidi la mmbulu ili

Kondwani:
Moni nonse pagulu pano. Loweruka lapitali ndinagula kathumba ka makobidi a Aroma 20, osatsuka, kwa mkulu wina wogulitsa zakale pamsika kuno ku Leicester. Ambiri ndi zitsulo chabe, nkhope zinaperepeseka kalekale. Koma limodzi landisowetsa tulo. Kumutu kuli munthu wovala chisoti, wayang'ana kumanzere, malemba ake VRBS ROMA. Kuseri kuli mmbulu uja woyamwitsa mapasa, pamwamba pake nyenyezi ziwiri. Pakati pa nyenyezizo pali kanthu kokwiririka ndi dothi louma gwa. Ndikalipendeketsa pawindo kakuoneka ngati Chi-Rho. Pansi ndikuwerenga CONST, ndiye kuti ndi la ku Constantinople, eti? Mamilimita 17, magalamu 2.3. Zithunzi ndi izo. Kodi ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe?

Yamikani:
Achimwene, chithunzi chachiwiricho mwajambula muli pa basi? Kkkk. Ine ndikungoona chibuma cha dothi.

A Mbewe:
A Kondwani, tayang'anitsitsani kutsogolo kwa C uyo. Pachithunzi choyamba ndikuona ngati pali chilembo china, P kapena S. Ngati chilipo, khobidilo silinasulidwe ku Constantinople ayi. Ndi la ku Arles, kummwera kwa France. Mzindawu Aroma ankautchula Arelate, koma m'chaka cha 328 anausintha dzina n'kukhala Constantina, ndipo makobidi ake anayamba kulembedwa PCONST ndi SCONST. P ndi prima, S ndi secunda, kutanthauza gulu loyamba ndi gulu lachiwiri la amisiri osula ndalama, lomwe m'Chilatini amati officina. A ku Constantinople amalemba CONS, chilembo cha Chigiriki chosonyeza officina n'kubwera kumapeto. Msampha umenewu unatikola tonse poyamba, musachite nawo manyazi.

Kondwani:
Ndayang'ana ndi kagalasi. P alipodi! Ndiye ndaluza kapena ndapindula?

A Mbewe:
Mwina mwapindula. Pa makobidi a mmbulu, Arles ndi kumene kumapezeka Chi-Rho pakati pa nyenyezi, cha m'ma 334 mpaka 336. Mukanati ndi la ku Constantinople ndipo lili ndi Chi-Rho pamenepo, ndikanakayika. Kungoti Arles yemweyo anaikanso zizindikiro zina pamalo omwewo, monga nkhata ya masamba. Ndiye dothilo lisanachoke palibe angalumbire.

Tiyamike:
Pepani akuluakulu, ine ndine watsopano. Chi-Rho n'chiyani? Nanga mmbulu ukuyamwitsa ana a anthu chifukwa chiyani?

Nangozo:
Takulandira Tiyamike. Ngati unalowapo m'tchalitchi cha Katolika unachionapo pa chovala cha wansembe kapena pansalu ya paguwa: X ndi P zolowetsana. Ndi zilembo ziwiri zoyambirira za dzina la Khristu m'Chigiriki. Mapasawo ndi Romulus ndi Remus, amene nthano ya Aroma imati analeredwa ndi mmbulu asanamange mzinda wa Roma. Makobidi amenewa anayamba kutuluka mu 330, chaka chimene mfumu Constantine anatsegulira mzinda wake watsopano wa Constantinople. Anasula mitundu iwiri pamodzi, wina wa mzinda watsopanowo, wina wa Roma, kuti mkazi wamkulu asadandaule poona wamng'ono akulowa m'nyumba.

Tiyamike:
Ndiye kuti nthano yachikunja ndi dzina la Yesu pa khobidi limodzi?

Nangozo:
Ndendende. N'chifukwa chake anthu amalifuna.

A Tembo:
Moni kuchokera kuno ku Chipata. Ine ndimati tisamathamangire kulalikira pa kachizindikiro kochepa ngati njere ya mapira. Pamalo omwe pali Chi-Rho, miyezi ingapo m'mbuyomo panali nkhata. Ku Trier pamalo omwewo anaika nthambi ya kanjedza. Zimenezi zinali zizindikiro za akapitawo, zosiyanitsira ndalama za ulendo uno ndi za ulendo wapita, kuti zikapezeka zopepuka adziwe womugwira pakhosi. Kalaliki wina anangosankha Chi-Rho monga mmene akanasankhira nyenyezi kapena kadontho.

A Mbewe:
Theka la mawu anu ndikulivomera, a Tembo. Chinalidi chizindikiro cha kuntchito, osati lamulo lochokera kwa mfumu. Umboni wake ndi woti malo ena osulira ndalama sanachiike pa mmbulu. Koma kunena kuti n'chimodzimodzi ndi kadontho, apo ndiye ayi. Ganizani: mu 303, zaka 31 zokha m'mbuyomo, mfumu Diocletian analamula kuti matchalitchi agwetsedwe, mabuku opatulika atenthedwe. Munthu amene anaona zimenezo ali mnyamata, pofika 334 n'kuti akadali ndi mphamvu zogwira nyundo. Lero kapitawo wa boma akuika dzina la Khristu pa ndalama ya boma, palibe womuletsa, palibenso womutuma. Kwa ine nkhani ili pamenepo. Chikhristu sichinalowe pa ndalama za Aroma ndi lipenga. Chinalowera m'mphepete, pang'onopang'ono. Constantine yemweyo, atapambana nkhondo ya pa mlatho wa Milvian mu 312, anapitiriza kwa zaka zingapo kusula makobidi a SOLI INVICTO COMITI, olemekeza mulungu wa dzuwa. Ndipo ku Ticinum, kumene lero ndi Pavia, alipo ena a mulungu wa dzuwa yemweyo okhala ndi kamtanda pambali pake. Ubatizo wa Constantine unachitika mu 337, ali pafupi kumwalira.

A Tembo:
Nanga lija la njoka?

A Mbewe:
Limenelo ndiye lina. SPES PVBLIC, la ku Constantinople, 327: mbendera yankhondo yokhala ndi Chi-Rho pamwamba, msonga yake itabaya njoka. Apo palibe za akalaliki, chithunzi chonse ndi uthenga. Koma ndi losowa kwambiri, ine ndinangoliona pa intaneti. Kuti Chi-Rho adzaze khobidi lonse, tidikira mpaka Magnentius, amene analanda ufumu kumadzulo mu 350. Chakumapeto kwa ulamuliro wake, asanadziphe ku Lyon mu 353, anasula makobidi aakulu, Chi-Rho kuyambira pamwamba mpaka pansi, alefa mbali iyi, omega mbali inayo.

Yamikani:
Poti mwayamba za Chi-Rho, ndiloleni ndiulule tchimo langa, mwina lipulumutsa wina. Chaka chatha ndinagula pa intaneti GLORIA EXERCITVS, lija la asilikali awiri mbendera imodzi pakati. Pa mbenderapo Chi-Rho wowala bwinobwino. Ndinalipira kasanu mtengo wa wamba, kuphatikiza positi mpaka kuno ku Johannesburg. Litafika ndinaliika pansi pa kagalasi. Abale inu. Khobidi lonse ndi lofufutika, nkhope za asilikali palibe, miyendo ngati ndodo za mpanda, koma Chi-Rho yekha wakuthwa ngati wasulidwa dzulo. M'mbali mwake timizere ta singano, pamwamba anapakapo zobiriwira kuti chilonda chisaoneke. Kenako ndinawerenga pansi: SMK, la ku Cyzicus. M'mabuku onse amene ndinafufuza, Chi-Rho pa mbendera ndinampeza ku Arles, Lyon, Siscia, Aquileia, koma wa ku Cyzicus sindinampeze. Chikomekome cha mkuyu. Wogulitsayo atamva dandaulo langa anangoti zii.

Nangozo:
Pepani achimwene. Lamulo langa ine ndi ili: chachilendocho chikhale chokalamba mofanana ndi khobidi lonse. Mphuno ya mfumu ikakhala yophwatalala, kachizindikiro sikangakhale kanamwali.

Kondwani:
Mwandiopseza. Ndiye nditokose ndi singano kuti ndione msanga?

Nangozo:
Ayi, ayi, ayi! Singano ikani kutali. Liviikeni m'madzi opanda mchere, aja othira m'batire ya galimoto, koma muonetsetse kuti pabotolo alemba kuti ndi madzi okha, osati asidi. Muzisintha madziwo masiku awiri kapena atatu alionse. Dothi likafewa, tokosani ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena kansungwi kosongola, kuyambira m'mbali kulowera pakati. Vinega, mandimu, polishi ya zitsulo, zonsezo ayi. Chikutu chobiriwira kapena chakuda chija si litsiro, nthawi zambiri chithunzicho chili m'chikutumo, mukachichotsa mutsala ndi mkuwa wa zibowozibowo. Ena amaviika m'mafuta a olivi, ine ndinasiya chifukwa amadetsa khobidi ndipo satuluka. Choopsa ndi kaufa kobiriwira mowala kamene kamayoyoka mukakakhudza. Kameneko ndi matenda, kamadya mkuwa, ndipo khobidi lotere lisagone pamodzi ndi anzake.

Kondwani:
Mpaka liti?

Nangozo:
Masabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

A Tembo:
Podikira nkhonoyo, taonani changa ichi. PROVIDENTIAE AVGG, chipata cha linga la asilikali, nsanja ziwiri, nyenyezi pamwamba, la ku Siscia. Mizere ya njerwa 11! Ndinali ndi a mizere 6, 7, 8 ndi 9. Wa 10 ndikumusakabe.

Yamikani:
Ayamba a foromani athu kuwerenga njerwa.

A Tembo:
Sekani, koma tsiku lina mudzandifuna.

Yamikani:
Ndikufunseni moona, a Tembo. Mmisiri ali ndi chidindo chachitsulo, akuzokota ndi dzanja. Lero wadzuka bwino, wajambula mizere 11. Mawa wadzuka ndi matsire, wajambula 6. Umenewo ndi mtundu wina wa khobidi? Mukatero ndiye kuti chidindo chilichonse ndi mtundu pachokha, poti palibe ziwiri zofanana. Nsanja ndikumva: ku Heraclea m'nthawi ya Licinius, mfumu inzake ya Constantine, ankaika zitatu, ku Arles pa VIRTVS AVGG anaika zinayi ndi zitseko zotsegula. Zimenezo wina anachita kulamula. Koma njerwa?

A Tembo:
Sindinanene kuti ndi mtundu wina m'buku. Ndikuti ndi dzanja lina. Mukaika makobidi 30 a chipata pathebulo, mumayamba kuwazindikira anthuwo. Pali wina amene njerwa zake ndi zazing'ono, zolumikizana mosinthana monga amachitira mmisiri wodziwa ntchito. Pali wina amangokoka mizere yoimirira kuyambira pamwamba mpaka pansi, khoma loti mvula yoyamba ligwa. Wina amaika timadontho pamzere wapamwamba. Ine ndagwira ntchito yomanga zaka 26, ndikaona khoma ndimadziwa ngati womangayo anaphunzira kapena anangoonera. Anthu amenewa mayina awo palibe anawalemba. Chatsala ndi njerwa zawo.

Nangozo:
Apa ndili kumbali ya a Tembo, ngakhale matenda anga ndi ena. Ine ndi mitengo. Mu 348, Roma atakwanitsa zaka 1,100, ana a Constantine, Constans ndi mkulu wake Constantius II, anatulutsa makobidi atsopano a FEL TEMP REPARATIO, kunena kuti nthawi zabwino zabwereranso. Zithunzi zake zinali zingapo: mfumu m'ngalawa, mbalame ija yotchedwa phoenix, msilikali akubaya wapahatchi, ndi langali, msilikali atagwira dzanja kamunthu kakang'ono akukatulutsa m'kakhumbi pansi pa mtengo. Anasula m'mizinda 13, kuyambira Trier mpaka Alexandria, ndipo mtengowo umasiyana mzinda ndi mzinda. Kwina masamba aatali osongoka, kwina ozungulira ngati tizipatso, kwina nthambi zogwera padenga. Ukazolowera umatha kulota mzinda usanawerenge zilembo za pansi. Kakhumbinso kamasiyana, kena koluka bwino ngati nkhokwe, kena ngati chisa cha mpheta. Ndili ndi 9. Atsala 4.

Chimene chimandigwira mtima n'choti lamulo linali limodzi: msilikali, kamunthu, khumbi, mtengo. Koma palibe anawauza kuti mtengo wanji. Aliyense anajambula wake.

Tiyamike:
Kamunthuko ndi mwana? Akukapulumutsa kapena akukagwira ukapolo?

Nangozo:
Funso lako akatswiri akukanganabe nalo. Ena amati ndi munthu wa mitundu ya kutsidya kwa mtsinje wa Rhine akumusamutsira m'dziko la Aroma, poti Constans anamenyana ndi Afulanki mu 341 ndi 342. Kuchepa kwake mwina si msinkhu, Aroma ankakonda kujambula ogonja ang'onoang'ono. Ine ndikayang'ana ndimaona kuti msilikaliyo mkondo wauloza pansi ndipo wacheukira kamunthuko. Koma kutulutsidwa m'nyumba yako ndi msilikali, olo akugwire dzanja mwaulemu, ndi kutulutsidwa basi.

Yamikani:
Chabwino, mitengo ndavomera, poti ikutsatira mzinda. Njerwa sindinavomerebe. Koma tiyeni ku ndalama, chifukwa a Kondwani funso lawo lenileni ndi limenelo ngakhale akuchita manyazi. Ndikaona pa malonda alemba R4, R5, mtengo n'kukwera. Zoona zake n'zotani?

A Mbewe:
Zilembo zimenezo zimachokera m'mabuku a Roman Imperial Coinage, omwe timangoti RIC. La nambala 7, la nthawi ya Constantine ndi Licinius, analemba Patrick Bruun ndipo linatuluka mu 1966. R5 imatanthauza kuti m'zosungidwa zimene iye anafufuza anapezamo limodzi lokha. Taonani pamene pagona vuto. Choyamba, ankawerenga officina iliyonse payokha, ndiye khobidi likhoza kukhala R5 ndi chilembo B pomwe lomwelo ndi chilembo A lili mbwee. Chachiwiri, nyumba zosungira zakale za ku London, Paris ndi Vienna sizinkalimbana n'kusunga timakobidi ta mkuwa tambirimbiri, maso awo anali pa golide ndi siliva. Chachitatu, 1966 ndi kale. Makina ofufuzira zitsulo pansi anali asanafale, ndipo kuyambira m'ma 1990 makobidi ochokera kumaiko a ku Balkan anasefukira pamsika. A ku Siscia, Thessalonica ndi Heraclea amene Bruun anawaona ngati osowa, lero ena ali m'mathumba ngati la a Kondwanilo. Ndiye R5 wa wogulitsa muzimumva ngati mawu a wogulitsa nsomba akuti zafika lero.

A Tembo:
Komanso mbali inayo ilipo. Alipo makobidi oti m'bukumo mulibe n'komwe, ndipo amagulidwa motchipa chifukwa wogulitsa sanapeze nambala yoti alembe.

A Mbewe:
Zoona. Kusowa ndi mtengo ndi zinthu ziwiri. Mtengo umabwera ndi anthu ofuna. Chi-Rho amafunidwa ndi anthu ambiri amene za officina sazidziwa n'komwe.

Nangozo:
Amene muli kuno ku England mudzabwere ku Exeter mudzaone chinthu chimene chinandichiritsa matenda a R5. Ku Royal Albert Memorial Museum kuli makobidi a ku Seaton Down, amene munthu wina wa makina ofufuzira anawapeza mu 2013 kuno ku Devon. Oposa 22,000, ambiri a banja la Constantine, a m'ma 330. Mimbulu, asilikali awiri, mulu wathunthu. Ukaima pamenepo umazindikira kuti izi zinali tchenji cha pamsika. Ndipo poti ndatchula za makina: mukapeza makobidi a mkuwa akale 10 kapena kuposerapo pamalo amodzi, lamulo la Treasure Act la 1996 limati mukanene pasanathe masiku 14. Pogula muzifunsanso kumene achokera. Maiko ambiri salola kuti zokumba zituluke, ndipo khobidi lokumbidwa usiku limataya mbiri yake yonse.

Tiyamike:
Mwati officina amalemba ndi zilembo za Chigiriki. Zimayenda bwanji?

A Mbewe:
Kummawa ankawerenga ndi zilembo: A ndi 1, B ndi 2, Γ ndi 3, Δ ndi 4, Є ndi 5, choncho. Apa pali kankhani kamene ndimakakonda kuposa Chi-Rho. Nambala 9 ndi Θ. Koma Θ ndi chilembo choyamba cha thanatos, imfa, ndipo pa mndandanda wa asilikali chinkaikidwa pa dzina la womwalira. Ku Antioch amisiri a gulu la 9 ankachipewa. M'malo mwake ankalemba ΔЄ, 4 kuphatikiza 5. Mudzaziona pa makobidi a nthawi ya Licinius, mpaka pa ena a chipata a m'ma 320. Pofika m'ma 330 manthawo atha, ndipo makobidi a mmbulu a ku Antioch amalembedwa SMANΘ poyera. Ndili nawo awiri, la ΔЄ ndi la Θ, ndimawasunga moyandikana. Onse awiri pamodzi sanafike mtengo wa nkhuku ziwiri.

Yamikani:
Imeneyo ndiye ndaikonda. Anthu osula ndalama za ufumu wonse koma kuopa malodza a chilembo.

A Tembo:
Mwaona? Mmisiri yemweyo amene mukumukana pa njerwa mukumulandira pa malodza.

Yamikani:
Malodza anali a gulu lonse kwa zaka zambiri, a foromani. Njerwa ndi za munthu mmodzi Lolemba m'mawa.

Kondwani:
Ndabweranso, patha masabata atatu. Ndatsatira malangizo a achemwali a Nangozo, madzi ndasintha kasanu ndi kawiri. Dzulo usiku nditaweruka ndinakhudza ndi kansungwi, chibumacho chinangosomphoka chonse kamodzi ngati nkhanambo. Si Chi-Rho. Ndi nkhata. Yozungulira bwino, timasamba tikuoneka, pansi timichira tiwiri ta chingwe chomangira. Timichirato ndi timene tinkaoneka ngati miyendo ya X. Ndinakhala kaye chete pampando.

Yamikani:
Pepani achimwene. Koma ndi lokongola, mmbuluwo mpaka ubweya wa pakhosi ukuoneka.

A Mbewe:
Musadandaule. Kulemera kwake, magalamu 2.3, kukugwirizana ndi nthawi imene anali asanachepetse makobidi, poti cha m'ma 335 ndi 336 anawatsitsa kufika pansi pa magalamu 2, nthawi yomwe mbendera ziwiri za GLORIA EXERCITVS zinasanduka imodzi. Lembani pa kaenvelopu: Arles, officina yoyamba, nkhata, cha m'ma 333. Mwagwira mkulu wake wa Chi-Rho, wobadwa patsogolo pake m'nyumba yomweyo.

Kondwani:
Zikomo aphunzitsi. Pali linanso limene ndinaliviika limodzi, sindinalitchule chifukwa ndi lonyansa. Mamilimita 15, lopyapyala, m'mbali mong'ambika. Kuseri kukuoneka ngati msilikali uja wobaya wapahatchi, koma hatchiyo ili ngati galu, msilikali mutu waukulu kuposa chifuwa. Malemba ndi timizere chabe, IIII ndi O. Kumutu ndiye zosokonekera, pakhosi pa mfumu pakutuluka timiyendo. Nditaye?

Nangozo:
Musataye! Tajambulaninso kumutuko, nyali ibwere cham'mbali.

Kondwani:
Ndi icho.

Nangozo:
A Mbewe, a Tembo, mukuona zimene ndikuona? Timiyendo tinayi ndi kandodo pakati. Kumanja m'mphepete EXERC.

A Tembo:
Eee! Asilikali awiri ali pansi pa nkhope ya mfumu.

A Mbewe:
A Kondwani, limeneli ndi khobidi losulidwa kawiri. Poyamba linali GLORIA EXERCITVS la boma, la m'ma 330. Patapita zaka pafupifupi 20, munthu wina, osati wa boma, analitenga n'kulimenya ndi chidindo chake chozokota yekha chotsanzira FEL TEMP REPARATIO. Zoterezi zimapezeka kwambiri ku Britain. Chifukwa chake chikumveka: malo osulira ndalama a ku London anatsekedwa cha m'ma 325, ndiye chilumba chonse chinkadalira makobidi owoloka nyanja kuchokera ku Trier, Lyon ndi Arles. Magnentius atagonja mu 353 ndalama zake zinasiya kuyenda, zakale zina boma linaziletsa, zatsopano sizinkafika zokwanira. Koma anthu ankafunabe kugula buledi. Ndiye osula zitsulo a m'midzi anatenga makobidi akale n'kuwaveka nkhope yatsopano. Ambiri mwa iwo kuwerenga sankadziwa, n'chifukwa chake malemba anasanduka timizere.

Tiyamike:
Ndiye ndi lachinyengo?

A Mbewe:
Kwa Constantius II linali lachinyengo. Koma lachinyengo la zaka pafupifupi 1,670. Si limodzi ndi la a Yamikani lija.

Yamikani:
Musandikumbutse, aphunzitsi.

Nangozo:
A Kondwani, tayang'anani wapahatchiyo. Pa makobidi a boma amaoneka m'njira zingapo: wina wakumbatira khosi la hatchi, wina watembenuka n'kukweza dzanja kwa womubayayo, wina wakhala pansi pambali pa hatchi. Palinso za kumutu, wina chipewa chosongoka, wina ndevu ndi tsitsi loluka. Wanuyo akuchita chiyani? Tikadziwa timva kuti wotsanzirayo anali ndi khobidi lanji m'manja.

Kondwani:
Watembenuka, dzanja lili m'mwamba. Kungoti dzanjalo ndi lalitali kuposa hatchi yonse, ndipo lili ndi zala zitatu.

A Tembo:
Zala zitatu. A Yamikani, umenewo ndi mtundu kapena ndi Lolemba m'mawa?

Yamikani:
Kkkkk limenelo ndi Lolemba la pambuyo pa ukwati. A Kondwani, ndikupatsani GLORIA EXERCITVS langa la Chi-Rho wabodza, inu mundipatse galu wanuyo.

Kondwani:
Galu sakugulitsidwa. Ndamuikira kale kaenvelopu kake. A Mbewe, pa mzere wa mzinda ndilembepo chiyani, poti pansi pake pangokhala timadontho titatu?

A Mbewe:
Lembani kuti wosula wosadziwika, mwina ku Britain, pakati pa 353 ndi 360, pamwamba pa GLORIA EXERCITVS la mbendera imodzi. Mukadzatha kuwerenga zilembo za khobidi lapansilo mudzawonjezere. Yang'anani cha kuseri kwa mutu wa mfumu, potsata kumene miyendo ya asilikali yaloza.

Kondwani:
Pakuoneka ngati TR, chizindikiro cha ku Trier, koma pali dothi. Ndalibwezera m'madzi.